"M Saam M Sei": Chining'a cha Chikantoni Chonena za Anthu Okayikitsa

M'Chikantoni, chiyankhulo cha ku Hong Kong, ku Macau ndi m'chigawo cha Guangdong ku China, munthu wa makhalidwe okayikitsa amamunena kuti ndi "m saam m sei" (唔三唔四). Mawuwa paokha akungoti "si zitatu, si zinayi", koma kholo likawanena ponyoza anzake a mwana wake, mwanayo amadziŵiratu kuti waletsedwa kuyenda nawo.

Tiyambe ndi katchulidwe. M'kalembedwe ka Jyutping, kamene bungwe la Linguistic Society of Hong Kong lidakhazikitsa mu 1993, timalemba m4 saam1 m4 sei3. Manambalawo akusonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo kumeneku kumasintha tanthauzo: sei3 ndi "zinayi" pamene sei2 ndi "kufa", monganso m'Chicheŵa liwu limasiyanitsa mtengo womera ndi mtengo wa malonda. Mawu okanira, m, ndi phatikizo lathunthu, ngati m wa mu "mkazi".

Kaumbidwe ka chining'achi nkofala m'Chikantoni. Ntchito yosiyidwira panjira amati "m tong m seoi", si msuzi, si madzi. Mlendo woyankhula Chikantoni mopotoza amati akuyankhula "m haam m taam", si chamchere, si chozizira. Monsemu chinthu chikunyozedwa chifukwa chagwera pakati pa magulu aŵiri odziŵika.

Chimandarini chili ndi chining'a chomwechi, "bu san bu si", chimene chikupezeka m'buku lakale la Shuihu Zhuan pofotokoza za anthu opulupudza. Ena amachilumikiza ku buku la maula la Yijing, m'mene chizindikiro chilichonse chili ndi mizere 6: iŵiri yapansi ndi dziko, iŵiri yapamwamba ndi thambo, wachitatu ndi wachinayi ndiye munthu. Motero amene sali pa 3 kapena pa 4 wataya umunthu. Ife tikuona kuti kaumbidwe tafotokoza kaja nkokwana kumasulira chining'achi, ngakhale popanda maulawo.

Mphamvu yake yagona pa kusatchula mlandu. Wonenedwa kuti waba angathe kukana ndi kuitana mboni. Nanga wonenedwa kuti si zitatu, si zinayi akana chiyani? Nchifukwa chake womasulira amene angalembe "mbava" kapena "chigaŵenga" waweruza mlandu umene eni chiyankhulo sadauzenge. "Wokayikitsa" kapena "wosalongosoka" ndiwo mawu oyandikirako.