Kodi mumadziwa? Loni, sikolashipu ndi ntchito ya pa yunivesite

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, nkhani ya pakhonde ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Marka imakhala imodzi: mwana wakhoza, nanga fizi ichokera kuti? Bambo amayamba kuwerenga mbuzi za m'khola, mayi amayang'ana munda wa thonje, malume a ku Nchalo amaimbiridwa foni. Thandizo la maphunziro lilipo ndithu, koma lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo ambiri timasaina tisanawawerenge.

Kodi mumadziwa kuti loni, sikolashipu ndi ntchito yothandizira aphunzitsi pa yunivesite ndi zinthu zitatu zosiyana? Kumudzi zonsezi timangoti "wapeza omulipirira". Loni ndi ngongole, mudzabweza. Sikolashipu simubweza ndalama, koma eni ake amafuna magiredi abwino chaka ndi chaka, ndipo ambiri amafunanso lonjezo loti mudzabwerera kwanu. Chachitatucho ndi ntchito yeniyeni: mumachonga mapepala a ophunzira a chaka choyamba, mumayang'anira labu, mumathandiza pulofesa pa kafukufuku, ndipo malipiro ake ndi kukhululukiridwa fizi komanso kandalama ka pamwezi. Mukasiya ntchitoyo, fizi imabwerera pamutu panu.

Kodi mumadziwa kuti khomo loyamba ndi makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi? Kirediti ndi giredi 6 kapena yabwino kuposa pamenepo, kutsika mpaka 1. Mwana angakhale katswiri wa masamu ndi sayansi, koma akapeza 7 pa Chingerezi ndiye kuti khomo la yunivesite za boma latsekeka chaka chimenecho. Aphunzitsi a kuno kuchigwa cha Shire, kumene ana amakula akuyankhula Chisena ndi Chimang'anja ndipo buku la Chingerezi amaligwira mosinthana, mfundo imeneyi muziikhomerera kuyambira Fomu 1.

Amene amayendetsa kasankhidwe ka ophunzira opita ku yunivesite za boma ndi bungwe la NCHE, lomwe lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2011.

Kodi mumadziwa kuti kota inatha? Ndondomeko imeneyi, yomwe inabwezeretsedwa mu 2009 nthawi ya Bingu wa Mutharika, inkapatsa boma lililonse malo 10 otsimikizika, otsalawo n'kumagawidwa pambuyo pake. Boma linalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Kaya munkaikonda kaya munkadana nayo, tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti mwana wa sukulu yoyendera ya ku East Bank tsopano akupikisana maso ndi maso ndi mnzake wa sukulu yogonera konko yokhala ndi labu ndi laibulale. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene makomiti a makolo ndi aphungu athu ayenera kuikapo mtima kuposa pa china chilichonse.

Kodi mumadziwa kuti mu 2021 yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu? Chancellor College ya ku Zomba inatsala ndi dzina la UNIMA, Polytechnic ya ku Blantyre inakhala MUBAS, ndipo sukulu ya madokotala pamodzi ndi ya anamwino zinapanga KUHeS. Kuonjezera apo pali LUANAR ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu, ndi MUST ya ku Ndata m'boma la Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014. Ku MUST kuli maphunziro a zanyengo ndi a kathanidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ku LUANAR kuli a uinjiniya wa ulimi wothirira. Mwana wobadwira m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, Ruo kapena Shire safunika kufotokozeredwa kufunika kwa maphunziro amenewa.

Tsopano za loni, pakuti apa m'pamene pagona anthu ambiri.

Kodi mumadziwa kuti bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, la HESLGB, linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 2015? Limathandiza ophunzira osowa a m'yunivesite za boma komanso za eni zomwe ndi zovomerezeka. Ngongoleyo ili m'magawo: ya fizi, ya mabuku ndi zolembera, ndi ya chakudya ndi pogona. Si onse opempha amene amalandira, ndipo si onse olandira amene amapatsidwa magawo onse. Choncho kusankhidwa kupita ku yunivesite sikutanthauza kuti loni yapezeka kale. Pempho lake ndi lapadera, lili ndi tsiku lake lotsekera, ndipo tsikulo silidikira kuti msewu wa ku Makhanga uyambe kudutsika.

Kodi mumadziwa kuti ngongoleyi imayamba kubwezedwa pakatha zaka 2 munthu atamaliza maphunziro? Lamulo limakhudzanso olemba ntchito: ayenera kudziwitsa bungweli akalemba munthu amene anatengapo loni, ndi kumamudula pa malipiro. Ndipo bungweli silinayambire kuwerenga mu 2015. Likutolera ngakhale ngongole za amene anaphunzira kuyambira 1985, ena mwa iwo lero ndi akuluakulu aimvi m'maofesi. Ndalama zimene iwo abweza ndi zomwezo zimene zimakalipirira mwana wa ku Chapananga amene walowa chaka choyamba. Wokana kubweza sakumana boma, akumana mwana ameneyu.

Kodi mumadziwa kuti yunivesite zathu zili ndi udindo wotchedwa staff associate? Uwu ndiwo mtundu wathu wa ntchito yothandizira aphunzitsi. Amalembapo achinyamata amene akhoza bwino kwambiri digiri yoyamba, ndi cholinga choti awasule kukhala aphunzitsi a mawa. Amathandiza m'kalasi ndi mu labu, amalandira malipiro, ndipo amayembekezeka kukachita masitazi kuti akwere. Akatumizidwa kusukulu ndi ndalama za yunivesite amasainitsidwa bondi, kutanthauza pangano loti akamaliza adzabwerera kudzagwira ntchito kwa nthawi imene agwirizana, apo ayi abweze zimene zinawonongedwa pa iwo. Ogwira ntchito m'boma otumizidwa kusukulu nawonso amasaina pangano lotere. Chofunika kudziwa mwana akadali chaka choyamba n'chakuti mwayi umenewu umayang'ana magiredi a zaka zonse. Amene amangolimbana n'kuti asawidwe, n'kumapulumukira pa mayeso obwereza, digiri adzaitenga, koma khomo ili adzalipeza lotseka.

Kodi mumadziwa kuti yunivesite za mu Africa zimasinthana ophunzira mwa njira yomweyi? Bungwe la RUFORUM, lomwe linayamba mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Makerere mumzinda wa Kampala, lili ndi ndondomeko yophunzitsira aphunzitsi a yunivesite mpaka digiri ya PhD. Mtolo wake amagawana chonchi: yunivesite yolandira imakhululuka fizi ndi kupereka pogona, yunivesite yotumiza imasamala za ulendo, ndalama za m'thumba ndi za kafukufuku, ndipo wophunzirayo amabweza pophunzitsa kumene wapitako. LUANAR ili m'bungweli, ndipo imalandira ophunzira a m'mayiko ena pa maphunziro a ulimi wa nsomba. Ndikaganiza za asodzi a m'dambo la Elephant Marsh, ndimalakalaka mwana wa mmodzi wa iwo atakhala m'kalasi limenelo.

Ku America ndiko kumene njira imeneyi ya ntchito yothandizira aphunzitsi inazika mizu, ndipo malamulo ake ndi ofunika kuwamva bwino chifukwa achinyamata athu ambiri amaitchula osaidziwa.

Kodi mumadziwa kuti kumeneko ntchitoyi nthawi zambiri ndi ya maola 20 pa sabata? Nambalayi si yongopeka. Wophunzira wochokera kunja wokhala ndi viza ya F-1 saloledwa kugwira ntchito yoposa maola 20 pa sabata sukulu ikakhala mkati, ndipo ganyu wa kunja kwa mpanda wa yunivesite popanda chilolezo ungamuchotsetse m'dzikomo. Mkazi kapena mwamuna amene wamutsatira pa viza ya F-2 saloledwa kugwira ntchito n'komwe. Yunivesite zambiri zimafuna kuti magiredi asatsike pansi pa 3.0 pa muyeso wa 4.0, ndiponso kuti munthu akhale wophunzira wa nthawi zonse. Akatsika, ntchito imatha, ndipo chikhululuko cha fizi chimathera pomwepo.

Palinso tinthu tiwiri tobisika m'kalata yolonjeza ntchitoyi. Kukhululukiridwa fizi ya maphunziro sikutanthauza kuti zolipira zina zonse zafafanizidwa. Za chipatala, za laibulale ndi zina zotere kawirikawiri zimatsala. Ndipo malipiro ambiri ndi a miyezi 9, osati 12. Achibale akamva kuti mwana akulandira madola amayamba kutumiza mndandanda wa malata ndi feteleza, osadziwa kuti iye akusunga ya lendi ya miyezi itatu yopanda malipiro. Makolo, mumvereni chisoni.

Kodi mumadziwa kuti yunivesite zambiri za ku America zinagwirizana kuti wophunzira amene zamulonjeza thandizo asakakamizidwe kuyankha tsiku la 15 Epulo lisanafike? Muli ndi ufulu wodikira mayankho a sukulu zina. Koma malamulo a viza kwa Amalawi akhala akusinthasintha, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe musanagulitse ng'ombe.

Kodi mumadziwa kuti sikolashipu ya Chevening, ya boma la Britain, yomwe inayamba mu 1983, imafuna munthu amene wagwirapo ntchito maola 2,800, pafupifupi zaka 2? Chosangalatsa n'chakuti ntchito yongodzipereka nayo imawerengedwa. Inu amene munamaliza digiri n'kukathandiza m'misasa ya anthu othawa madzi, kulemba mayina, kugawa ufa, kuphunzitsa ana pansi pa tenti, pemphani kalata yokhala ndi masiku ndi chidindo kwa amene ankakuyang'anirani. Chevening imalipira masitazi ya chaka chimodzi, ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera 2. Kufunsira kwake n'kwaulere.

Sikolashipu za Commonwealth zimafuna digiri yokhoza bwino. Za Beit Trust, zochokera ku chuma chimene Alfred Beit anasiya atamwalira mu 1906, ndi za anthu a mayiko atatu okha: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ya Rhodes yopitira ku Oxford nayo Amalawi amaloledwa kupikisana, koma ili ndi malire a zaka zobadwa, ndiye si yodikira mpaka mutakwatira n'kumanga nyumba. Ya Mastercard Foundation, yomwe inayamba mu 2012, imafunafuna dala ana anzeru ochokera m'mabanja osauka, ndipo mumafunsira kudzera ku yunivesite zimene ikugwira nazo ntchito, monga Makerere, Pretoria ndi Cape Town. Kwa atsikana, CAMFED yakhala ikulipirira ana a sekondale m'Malawi muno kuyambira 2009.

Pa zonsezi palibe imene imagulitsidwa. Munthu wokuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama pa nambala ya foni yake kuti akusungireni malo ndi wakuba.

Kodi mumadziwa kuti kafukufuku wamkulu amachitikira pakhomo pathu pompano? Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lakhala likufufuza za malungo m'boma la Chikwawa kwa zaka zambiri, ndipo lili ndi ndondomeko zokonzekeretsa achinyamata omaliza digiri kuti akachite masitazi ndi PhD. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira, cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 43,000 m'Chikwawa ndi Nsanje. Idzafuna mainjiniya, akatswiri a nthaka ndi owerengera chuma cha makopaletivu kwa zaka zambiri zikubwerazi. Polemba kalata yopempha thandizo, osankha amafuna kumva vuto limene mukulidziwa ndi maso anu ndi chimene mudzachitepo mukabwerera. Mwana wa kuno sasowa cholemba. Nthaka ya mchere, udzudzu wa m'dambo, mtsinje wosintha njira usiku umodzi, zonsezi anakulira nazo.

Kodi mumadziwa kuti ambiri amagwa pa mapepala, osati pa nzeru? Dzina la pa satifiketi ya MSCE liyenera kufanana ndi la pa chiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo. Kuno vutoli n'lofala: mwana analembetsa pulayimale ndi dzina la agogo aamuna, sekondale ndi la bambo, ndipo mayina athu ochokera ku Chipwitikizi aliyense amawalemba mwake. Tsiku lobadwa nalo limasiyana pa mapepala awiri. Zikonzeni mwana akadali ku sekondale, osati sabata yotsekera mafomu.

Ndipo pali madzi. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023, mabanja anathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Satifiketi yonyowa imamatirira ku inzake, inki n'kuyenderera, ukati uimatule imang'ambika ngati tsamba la fodya louma. A MANEB ku Zomba amasunga zotsatira za mayeso, koma ulendo wochoka ku Nsanje, kukwera zitunda za pa Thabwa, kudutsa Blantyre mpaka ku Zomba, ndi ndalama yoti ikanagula thumba la chimanga. Jambulani pepala lililonse ndi foni, mbali zonse ziwiri, pamalo owala, n'kudzitumizira pa imelo. Makope ena asiyeni kwa mbale wa kumtunda. Enieniwo akulungeni m'majumbo awiri, muwaike m'chigubu chotseka bwino, ndipo mvula ikayamba chigubucho chizipachikidwa kudenga pafupi ndi khomo, pamene dzanja lingachifike mumdima.