Mawoci a pa maloboti: ubwino ndi kuopsa kwake

Maloboti ena a masiku ano ali ndi woci yoonetsa masekondi amene atsala kuti nyali isinthe. Mawoci otere ndi ofala m'mizinda ya ku China, India ndi Thailand. Nambala zake zimatsika, mwacitsanzo kucokera pa 30 mpaka pa 0.

Nyali ikakhala yofiira, woci imathandiza. Woyendetsa galimoto amadziwa nthawi imene adikire, mtima umakhala m'malo, ndipo amanyamuka mosacedwa yobiriwira ikayaka. Zimenezi zimacepetsa kuculukana kwa magalimoto pa mphambano.

Vuto limabwera nyali ikakhala yobiriwira. Ena akaona kuti kwatsala masekondi atatu amaonjezera liwiro kuti adutse, m'malo mokonzekera kuima. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Ya kutsogolo ikaima, ya kumbuyo ikhoza kuiomba. Enanso amanyamuka nambala isanafike pa 0, pamene oyenda pansi akali kuoloka mseu.

Komanso mawoci amenewa amayenera pa maloboti a nthawi yokhazikika. Maloboti amene amasintha nthawi potsatira kuculuka kwa magalimoto ndi ovuta kuwaikira woci.

Woci ndi cothandizira cabe. Colamula ndi mtundu wa nyali. Muno mu Zambia, citetezo ca pamseu cimayang'aniridwa ndi bungwe la RTSA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2002, ndipo kudutsa nyali ili yofiira ndi mlandu.