Kagwiritsidwe Ntchito ka Hita ndi AC ya Galimoto m'Nyengo Yachisanu

M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri m'mawa m'boma la Kasungu. Iyi ndi nyengo yomwe malole amalawirira mbandakucha kukatula mabelo a fodya kumsika wa Chinkhoma. Ndi nyengo yomwenso alendo amayenda pamsewu wa ku Lifupa, m'nkhalango yosungirako nyama zakutchire ya Kasungu, komwe mu 2022 kunasamutsidwira njovu 263 zochokera ku Liwonde. Pamisewu yotere, dalaivala amene sakuona bwino kutsogolo akhoza kugunda nyama, ngolo kapena munthu wapanjinga. Chomwe chimamutchinga kawirikawiri ndi nthunzi yomwe imamatirira pagalasi lakutsogolo.

Nthunziyi imapangika m'kati mwa galimoto momwemo. Mpweya umene anthu amapuma umakhala wofunda komanso wachinyezi, ndipo ukakhudza galasi lozizira umasanduka timadontho tamadzi. Okwera akachuluka, nthunzi imachulukanso. Kupukuta ndi dzanja kumasiya mizere yomwe imathobwa m'maso dzuwa likamatuluka, ndipo pakangopita kanthawi nthunzi imabwereranso.

Ambiri amaganiza kuti AC ndi ya m'nyengo yotentha yokha. Zoona zake n'zakuti AC imachotsanso chinyezi mumpweya. Choncho njira yachangu yoyeretsera galasi ndi kuyatsa hita ndi AC nthawi imodzi: AC imaumitsa mpweya, hita imautenthetsa, ndipo mpweya wouma ndi wofundawo umamwa madzi a pagalasi. Oyendetsa galimoto akulangizidwa kulozetsa mpweya kugalasi, kukweza mphamvu ya fani, ndi kuzimitsa batani lozungulitsa mpweya wam'kati, lomwe limakhala ndi chithunzi cha galimoto ndi muvi wokhota. Batanili likayaka, chinyezi chimangozungulira m'galimoto osatuluka. Ngati AC siikugwira ntchito, kutsegula mawindo pang'ono kumathandiza. Galimoto isanyamuke galasi lisanayere.

Hita imatenga kutentha kwake kumadzi oziziritsira injini, omwe amafika pafupifupi madigiri 90 injini ikatenthedwa bwino. N'chifukwa chake imatulutsa mpweya wozizira galimoto ikangolizidwa kumene. Ikapitiriza kuzizira ngakhale galimoto yayenda mtunda wautali, mwina madziwo achepa kapena thermostat yawonongeka. Ena amachotseratu thermostat poopa kuti injini ingatenthe kwambiri, koma kutero kumachititsa kuti injini izichedwa kutenthedwa, izimwa mafuta ambiri, ndipo hita imafooka. Chivindikiro cha ledieta chisatsegulidwe injini ili yotentha, pakuti madzi ake amatumphuka n'kuwotcha munthu.

AC nayo imafuna chisamaliro. Ndi bwino kuiyatsa kwa mphindi 10 kamodzi pamlungu ngakhale kukuzizira, kuti oyilo wam'kati mwake azizungulira ndi kuteteza timphira totseka gasi kuti tisaume. Popeza misewu ya dothi imakhala yafumbi m'chilimwe, sefa ya mpweya wolowa m'galimoto iziunikidwa pafupipafupi. Ikatsekeka, fani imalira koma mpweya wofika pagalasi umakhala wochepa.

Chenjezo lalikulu likupita kwa madalaivala ndi othandizira awo amene amagona m'galimoto podikira kutsitsa fodya. Kugona injini ikulira n'cholinga chootha hita, kapena kulowetsa mbaula yamakala m'galimoto yotseka mawindo, kumaika moyo pachiswe. Utsi wa injini ndi makala oyaka zimatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe suoneka ndiponso sununkha. Zizindikiro zake ndi kupweteka kwa mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka, koma munthu amene ali m'tulo akhoza kumwalira osazindikira kanthu. Wopezeka ndi zizindikirozi atulutsidwe panja msanga ndi kuthamangira naye kuchipatala. Pogona m'galimoto, injini izimitsidwe, ndipo munthu afunde bulangete.