Malo Amene Makolo Athu Anapumulapo Pobwera ku Migodi

Masiku ano munthu amakwera basi ku Chipata m'mamawa, pofika usiku ali ku Kitwe. Ana athu obadwira kuno ku Ipusukilo amangogona m'basimo, osadziwa kuti agogo ao anayenda njira yomweyi pansi kwa milungu ingapo, mphasa ndi kathumba ka ufa pamutu.

Cimene cinawacotsa kumudzi ndi msonkho wa atsamunda, umene unafuna ndalama osati cimanga. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya utayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, ndi wa Nkana mu 1932, anyamata ambiri a kum'mawa analunjika kumadzulo. Agogo anga anali mmodzi wa iwo, ndipo mpaka ukalamba wao anali kuchula malo onse amene anagonapo, limodzi ndi anthu amene anawapatsa cakudya.

Ulendo unayambira ku Fort Jameson, imene lero timati Chipata. Kucokera pamenepo kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Atapyola Katete, Sinda ndi Petauke, anafika pa Minga, mishoni ya ansembe a White Fathers, pomwe wa zilonda kumapazi anali kupeza mankhwala. Pa Nyimba anadya nthoci, monga timacitira ife basi ikaima. Kucokera apo anayamba mapiri a Kacholola, kutsikira ku mtsinje wa Luangwa.

Pa Luangwa ndiye panali mantha. Mlatho woyamba unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Usanamangidwe, anthu anali kuoloka pa bwato, ng'ona zili m'madzi. Mlatho umene timaolokerapo lero ndi wa mu 1968. Amai ogulitsa nsomba zouma ndi madengu pafupi ndi mlathowo akupitiriza nchito yakale yodyetsa apaulendo.

Tsidya lino kunali cikweza ca Manenekela, kotentha ndi kosowa madzi. Agogo anati kumeneko sanagonepo popanda kusonkha moto, kuopa zilombo. Wofika pa Rufunsa ndi pa Chongwe anadziwa kuti wapulumuka, pakuti njanji inali pafupi. Wokhala ndi kandalama anakwera sitima pa Lusaka, wopanda anagwira ganyu poyamba. Njanjiyo inafika pa Broken Hill, Kabwe ya lero, mu 1906, ndi ku Ndola mu 1909.

Ku Ndola kuli cizindikiro ca ulendo wina wakale ndi wowawa koposa: malo a pa Makoli Avenue pomwe panali mtengo wa mupapa, pamene amalonda a Ciswahili anali kugulitsira akapolo. Tikamadutsapo tizikumbukira kuti si onse anayenda mwa kufuna kwao.

Abale anga, palibe anafika ku migodi ndi mphamvu zake zokha. Pa malo alionse panali mlimi amene anatapa m'nkhokwe mwake kudyetsa mlendo wosamdziwa. Dzina lakuti Ipusukilo m'Cibemba limanena za malo opulumukirapo, ndipo alendo akali kufika pakati pathu kudzafuna nchito. Kodi timawalandira monga agogo athu analandiridwira?

Okalamba odziwa nkhani izi atsala ocepa. Pa msonkhano wa mphakati, afunseni kumene makolo ao anagona, ndipo mwana wa sukulu alembe m'kope. Mukadzapita kumudzi nthawi yokolola, mudzutseni mwana pa Luangwa aone mtsinje umene agogo ake anaoloka.