Samalani ndi ma app aulere: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere

Kuno ku Salima, kaya ndi pa Kamuzu Road, ku Senga Bay kapena ku Chipoka, foni ndiye banki yathu. Ndalama za usipa zimadzera pa Airtel Money ndi Mpamba, makasitomala amaoda katundu pa WhatsApp. Akuba akuzidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake ena asiya kuthyola maloko, akungotchera misampha pa intaneti.

Msampha wake umayenda chonchi: munthu amapanga webusaiti yofanana ndi ya kampani yeniyeni, chizindikiro ndi mitundu yomweyo. Kenaka linki imazungulira m'magulupu, ati "WhatsApp yatsopano" kapena "app ya bandulo yaulere". Mukadina, mumalandira fayilo ya APK, yomwe imaika app m'foni ya Android osadzera ku Play Store. Ikalowa imapempha chilolezo chowerenga ma SMS ndi manambala a anthu anu. Mukavomera, basi mwapereka makiyi. Ikhoza kuona makodi achinsinsi omwe amabwera pa SMS, ndipo wakuba akhoza kulanda WhatsApp yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Ndiye mungaizindikire bwanji yabodza? Choyamba, werengani adiresi chilembo ndi chilembo. Ya WhatsApp ndi whatsapp.com basi. Ikakhala ndi mawu owonjezera kapena chilembo chosinthidwa, thawani. Ndipo kaloko kooneka pafupi ndi adiresi kasakupusitseni, akuba nawonso amakhala nako.

Chachiwiri, yabodza imakonda phuma. Imati foni yanu ili ndi vairasi, dinani apa pompano. Webusaiti singadziwe zimenezo, n'kungokuopsezani.

Chachitatu, onani zomwe app ikupempha. Tochi ikufuniranji kuwerenga mauthenga anu? Gemu ikufuniranji PIN ya Mpamba?

Tikambeko za GB WhatsApp, poti ambirife timaikonda. Imeneyi si ya kampani ya WhatsApp, pa Play Store palibe, ndipo eni WhatsApp amachenjeza kuti oigwiritsa ntchito akhoza kutsekeredwa akaunti. Chimodzimodzi ma app omwe timagawana pa Xender kapena kuikitsa kwa obena nyimbo pamsika. Mnzanuyo alibe cholinga choipa, koma nayenso sakudziwa komwe fayiloyo inachokera. Zoona, bandulo ikudula, koma yotsika mtengo ndi iti, bandulo kapena mpamba wonse wa geni yanu?

Zoti muchite n'zosavuta. Tengani ma app ku Play Store, kapena App Store ngati muli ndi iPhone, ndipo onani dzina la kampani yomwe inaipanga. Play Protect ikhale yoyatsa. Pa WhatsApp lowani mu Settings, kenaka Account, mutchere Two-step verification. PIN yanu ndi kodi ya manambala 6 ija musauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni.

Ngati mwakodwa kale, zimitsani data, chotsani app ija, sinthani PIN ndi mapasiwedi, ndipo uzani abale kuti asatumize ndalama. Pitani msanga ku shopu ya Airtel kapena TNM, komanso ku polisi ya Salima. Kulowa m'foni kapena kompyuta ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Musachite manyazi kukanena, chifukwa mukakhala chete linki yomweyo mawa igwira mnzanu.