Wodwala Khansa Akayamba Kubwebweta, Musafulumire Kunena Kuti Walodzedwa

M'makomboni a m'mapulazi ozungulira Macheke, m'chigawo cha Mashonaland East, mukukhala mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Kumeneko wodwala khansa amasamalidwa kwambiri ndi abale pakhomo, ndipo pali vuto lina limene abalewo amaliyesa ufiti kapena chizindikiro chakuti imfa yafika. Vutoli ndi kuchuluka kwa kashiyamu m'magazi.

Kashiyamu ndi mchere umene umalimbitsa mafupa. Khansa ya m'mawere, ya m'mapapo, ya impso ndiponso ya m'mafuta a m'mafupa imatha kukokolola mcherewu m'mafupa ndi kuuthira m'magazi. Izi zimachitikira odwala khansa pakati pa 10 ndi 30 mwa 100 alionse, makamaka matenda akakula. Kumwa mkaka kapena kudya matemba sindiko kumayambitsa vutoli.

Wodwala amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi, amadzimbidwa, amachita nseru ndipo amafooka. Kenaka amangogona, amaiwala abale ake ndi kulankhula zosagwirizana. Akachedwa kulandira thandizo, impso zimaonongeka ndipo amatha kukomoka osadzukanso.

Vutoli limadziwika poyeza magazi. Kuchipatala amaika wodwala pa dilipi ya madzi amchere kuti impso zichotse kashiyamu wochulukayo, ndipo amapereka mankhwala onga zoledronic acid, amene amayamba kugwira ntchito pakapita masiku awiri mpaka anayi. Thandizoli silichiza khansa, koma kawirikawiri limabwezera munthu nzeru zake, moti amadyanso, kucheza ndi ana ake ndi kulongosola za banja lake.

Alangizi a zaumoyo m'midzi ndi odzipereka osamalira odwala pakhomo, mukaona zizindikirozi, mumwetseni wodwalayo madzi ambiri ngati akutha kumeza, ndipo mupite naye kukiliniki tsiku lomwelo, mutanyamula makadi ake onse a kuchipatala. Pemphani kalata yomutumiza ku Marondera Provincial Hospital. Akatswiri a khansa ali ku chipatala cha Parirenyatwa ku Harare, pafupifupi makilomita 100 kuchokera ku Macheke. Bungwe la Island Hospice, limene lidakhazikitsidwa mu 1979, limathandizanso mabanja osamalira odwala matenda osachiritsika.

Ndalama zoyendera n'zosowa m'makomboni, choncho magulu a mpingo ndi a maliro angachite bwino kusunga kathumba ka ulendo wotere, wodwala akadali ndi moyo.