Kuswa Mwala wa mu Njira ya Mkodzo ndi Kuŵala kwa Leza

Munthu ali ndi impso ziŵiri, ndipo pa impso iliyonse pamachoka kanjira kotsitsira mkodzo ku chikhodzodzo. Kanjira kameneka, kamene madokotala amakatcha ureter, nkotalika masentimita 25 mpaka 30, koma kukula kwa m'kati mwake ndi mamilimita 3 kapena 4 okha. Mkodzo ukamachepa, michere ina, makamaka ya calcium, imaundana mu impso nkusanduka mwala. Mwalawo ukatsika nkukakamira m'kanjirako, mkodzo umadzadza kumtunda monga madzi a m'ngalande yotsekeka ndi zinyalala. Impso imatupa, ndipo wodwala amamva ululu woopsa m'mbali mwa msana, wotsikira kuchinena. Ena amasanza, ena amakodza magazi, kotero kuti m'madera a kunyanja nkosavuta kuyesa kuti ndi likodzo.

Timiyala tosapitirira mamilimita 5 kaŵirikaŵiri timatuluka tokha. Mwala waukulu ndiwo kale unkafuna mpeni: dokotala ankang'amba m'mbali mwa mimba, wodwala nkugona masiku ambiri m'chipatala. Mu 1980 dokotala wa ku Spain, Enrique Pérez-Castro, anayamba kugwiritsa ntchito chida chachitali choonera m'kanjirako, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kunabwera leza ya holmium, imene imaswa mwala wa mtundu uliwonse.

Ntchitoyi imayenda motere. Wodwala akapatsidwa mankhwala omugoneka kapena ochititsa dzanzi, dokotala amaloŵetsa kapaipi kowonda, kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga, kudzera ku njira yokodzera. Kapaipiko kamadutsa m'chikhodzodzo nkukwera mpaka pamene pali mwala. M'kati mwake mumapita kaulusi kagalasi kochepera theka la milimita, ndipo ndi m'kaulusimo m'mene mumadzera kuŵala kwa leza. Kuŵalako kumamenya mwala pafupipafupi mpaka kuuswa tizidutswa kapena kuupera ngati ufa. Mphamvu yake imathera m'madzi pafupi pomwepo, nchifukwa chake mnofu woyandikana nawo suvulala dokotala akalunjika bwino. Tizidutswa amatikoka ndi kadengu kawaya, pamene ufa umatuluka ndi mkodzo. Pathupi sipatsala bala, ndipo ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo kapena m'maŵa mwake.

Nthaŵi zambiri dokotala amasiya kapaipi kofeŵa m'kanjirako kuti mkodzo uziyenda pamene kutupa kukuphwa. Kameneka nkosakhalitsa. Kakaiŵalika m'thupi kamamera miyala ina, choncho tsiku lokachotsa siliyenera kuphonyedwa.

Choopsa koposa ndi ululu wotere ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera. Pamenepo tizilombo taloŵa mu impso yotsekeka, ndipo tikhoza kufalikira m'magazi nkupha munthu. Wodwalayo athamangire kuchipatala, kumene amayamba atsegulira mkodzo njira ndi kupereka mankhwala, kuswa mwala nkudza pambuyo.

Mwala umatha kubweranso. Amene anadwalapo achepetse mchere m'ndiwo, ndipo azimwa madzi okwanira kuti mkodzo uzifika malita 2 ndi theka patsiku, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala.